Tepi ya Mayi Dorothy

Bambo Edmund sanali munthu weniweni, koma pa Chipyela, pachilumba cha Likoma, ankawatchula ndi ulemu wonse wa malemu. Anali mwini chigayo m'sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa Mapazi mu Ufa, ndipo m'gawo loyamba anapezeka atafa m'chigayo chawo chokhoma. Kuyambira pamenepo, m'chaka cha 2003, chilumba chonse chinkasaka wowapha.

Wailesi ya kanemayo sinkafika pa Likoma. Chimene chinkafika ndi tepi. Mayi Dorothy, amene ankaonetsa vidiyo m'chipinda cha kuseri kwa msika, anali ndi mlongo wawo Davis ku Monkey Bay. Davis ankajambula gawo la sabata imeneyo pa deki yake ya vidiyo n'kupatsira munthu wa pa sitima. Sitima inkatsitsa tepiyo popita kumpoto n'kuitenga pobwerera, Davis n'kujambula gawo latsopano pamwamba pa lakale. Tepi inali imodzi yokha. Gawo likadutsa linkatsala m'mitu ya anthu basi, ndipo mitu ya anthu siigwirizana. Pakati pa sewerolo sitima inakhalapo padoko kukonzedwa, ndipo gawo lina linafufutika ku Monkey Bay komweko osaonedwa. Anthu anang'ung'udza pang'ono n'kuiwala, poti gawo lotsatira linayamba ndi maliro omwe aja.

Panabadwanso lamulo. Aliyense wotsika m'boti kuchokera ku sitima ankafunsidwa mapazi asanaume: "Mwaonera?" Akavomera, ankauzidwa kuti asunge pakamwa mpaka Lamulungu masana. Wamalonda wina wa ku Lilongwe ataulula pamsika kuti mlonda wa chigayo wamangidwa, palibe anamugulitsa usipa mpaka anakwera sitima yobwerera.

Chilungamo, mphunzitsi wa masamu wochokera ku Dedza, ankati wopha ndi dalaivala wa malemu. Anali ndi mfundo zake, zokhudza kiyi, nthawi imene magetsi anazima, ndi mbali imene mapazi analoza mu ufa, ndipo ankazifotokozera aliyense amene wachedwa kuthawa. Enifa, telala wa ku Yofu amene ankasokera pakhonde la sitolo ina pa Chipyela, ankati ndi mkazi wa malemu. Chifukwa chake chinali chachidule: ankalira moyang'ana anthu.

Mkangano umenewu ndi umene unazolowetsa Chilungamo kukhala pa benchi ya pambali pa makina a Enifa akaweruka. Miyezi itapita anafunsira. Enifa sanakane, sanavomere. Kale wogwira ntchito m'boma wina wa kumtunda anamulonjeza kuti akungokauza makolo, ndipo makolowo akuwauzabe mpaka lero.

"Mawu a munthu wobwera pa sitima amabwerera pa sitima," anatero, maso ali pa singano.

Sabata ya gawo lomaliza, Chilungamo anatumizidwa ku msonkhano wa aphunzitsi ku Nkhotakota.

"Kumeneko kanema aliko," anatero Enifa.

"Sindikaonera."

"Inu aphunzitsi? Inu amene mumatsegula buku la mayankho ana asanamalize kulemba funso?"

"Ndimangotsimikiza kuti a m'bukuwo sanalakwitse. Ndalonjeza, Enifa. Tidzaonera limodzi."

"Chabwino. Ndi kanthu kakang'ono. Tione ngati kangawoloke nyanja n'kubwerako kali kamoyo. Zinazo tikakamba pambuyo pake."

Kumalo ogona alendo ku Nkhotakota kanema anali pabalaza, chipinda cha Chilungamo chili kuseri kwa khoma lomwelo. Nyimbo yotsegulira sewero itayamba anavala nsapato n'kutuluka. Anayenda mpaka kusiteji ya basi, n'kukhala pafupi ndi wowotcha chimanga amene wailesi yake inkaulutsa mitengo ya fodya. Mawa lake pa chakudya cham'mawa anakhala payekha, ndipo mnzake wina atangoti "koma dzulo lija" ananyamula kapu yake n'kukamwera panja.

Ali m'sitima pobwerera, tepi ili penapake m'sitima momwemo, ndi pamene anaona msampha umene anadzitchera. Palibe wa pa Likoma anamuona ali kusiteji kuja. Wopha akakhala dalaivala, aliyense adzati anaonera ndipo akungodzitama ndi yankho lobera, Enifa n'kutseka nkhani. Kuti mawu ake akhulupirike, ankayenera kulakwa. Anawerengeranso mfundo zake zonse kufunafuna pamene pangakhale mng'alu. Sanaupeze. Zinamudetsa nkhawa, komanso, kunena zoona, zinamukomera pang'ono.

Pagombe anakumana ndi Manuel, wamalonda wa ku Cobue, kutsidya kwa nyanja, amene ankabweretsa nkhuni ndi chimanga pa boti lake la thanga, ndipo sankaphonya gawo.

"Mwaonera, aphunzitsi?"

"Ayi."

"Nkhope yanu ikuti mwaonera."

"Nkhope yanga ikuti sindinagone. M'sitima munadzaza."

"Ine nilibe mlandu nanu, achimwene. Koma mlamu wathu wa makina uja ali ndi maso a singano."

Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi, chipinda cha mayi Dorothy chinadzaza. Batire linali litakhuta dzuwa la m'mawa wonse. Zenera analitchinga ndi chitenje, kutentha n'kukhala kwa aliyense. Enifa anakhala mbali ya amayi, Chilungamo kutsogolo pafupi ndi Manuel.

Mayi Dorothy ananyamula tepi m'mwamba monga ankachitira nthawi zonse. "Lero ndi lomaliza. Tisanayike, aliyense anene wake, kuti pasakhale woti ndinadziwa kale. Aphunzitsi, inu mukhale chete, mwachokera kumtunda."

"Sindinaonere, mayi. Ndinene wanga."

"Nenani, timve mmene kusaonera kumamvekera."

Apa panali mpata. Akanatha kutchula mlonda kapena mkazi wa malemu, n'kulakwa dala. Analiganizira bodzalo, n'kuona kuti ndi bodza lomwe lija, longovala malaya ena. Komanso pakamwa pake sipakanalola.

"Dalaivala," anatero. "Kiyi analipo awiri, ndipo..."

"Tazimva kale za kiyi," anatero munthu wina kumbuyo. "Yikani tepi."

Sewero linayamba ndi mizere yoyera yothamanga pagalasi, poti tepiyo inali itatopa. Wapolisi wofufuza anasonkhanitsa onse okayikiridwa m'chigayo muja. Anayamba ndi mkazi wa malemu, n'kumumasula. Enifa anangoti "Hm." Kenako anatembenukira kwa dalaivala n'kuyamba za kiyi, mfundo ndi mfundo, ndendende mmene Chilungamo ankanenera. Mitu inayamba kutembenukira kutsogolo. Manuel anamugunda ndi chigongono.

"Simunaonere, eti?"

Chilungamo anangoyang'ana pagalasi. Sanayang'ane mbali ya amayi. Ankamva mtima wake ukukokera mbali ziwiri ngati bwato la opalasa osagwirizana.

Wapolisi uja anaika kiyi patebulo. Anati dalaivala anabadi kiyi, koma kuti azigona m'chigayo akathamangitsidwa kunyumba. Kenako anatsegula chitseko, ndipo analowa mwamuna wamtali wovala jekete lachikopa, maunyolo ali m'manja. Nyimbo inakwera, kusonyeza kuti owonera adzidzimuke.

M'chipindamo anthu anangoyang'anizana.

"Ameneyu ndani?" anafunsa Chilungamo. Anali ataimirira osadziwa, mutu wake utaphimba theka la galasi.

"Khalani pansi, aphunzitsi."

"Ayi, ndikufunsa. Ndani ameneyu? Alipo anamuonapo? Munthu sangangotuluka kuseri kwa chitseko m'gawo lomaliza n'kukhala wopha. Olemba sewero ali ndi udindo. Funso limayenera kukhala ndi zonse zofunika kuti munthu apeze yankho. Uku ndi kubera."

Pagalasi wapolisi ankafotokoza kuti mwamunayo ndi Mathias, mng'ono wa malemu wokhala ku Joni, amene anabwera kudzakangana za chigayo cha bambo awo, monga owonera akukumbukira. Ndipo anaonetsa zidutswa za mkanganowo, zimene pa Likoma panalibe anaziona.

Mayi Dorothy ndi amene anayamba kuseka. "Ndi gawo lija. Sabata imene sitima inali padoko. Davis analifufuta."

"Ndiye kuti miyezi yonseyi," anatero Manuel pang'onopang'ono, "takhala tikusaka munthu amene sanafikepo pachilumba."

"Akanafika tikanamufunsa ngati waonera," wina anayankha, ndipo kuseka kunayenda m'mabenchi onse.

Chilungamo sanaseke. Atatuluka panja ankafotokozerabe aliyense woyandikira kuti malinga ndi umboni umene unafika pa Likoma, dalaivala ndiye yankho lolondola, ndipo kulakwa ndi kwa sitima. Anthu ankamusisita paphewa ngati wofedwa n'kumapita.

Enifa anamupeza pansi pa mlambe wa panjira ya ku Yofu, akujambula chigayo pamchenga ndi kamtengo.

"Mwalakwa, aphunzitsi."

"Sindinalakwe. Funso linali lopereweza."

"Inenso ndalakwa, koma onani, ndili moyo." Anayang'ana chojambulacho. "Pamene wapolisi ankanena za kiyi ndinali nditamanga kale chitenje kuti ndizipita."

"Ndiye?"

"Ndiye munaimirira. Ndakuonani miyezi yonseyi. Mungathe kunamizira kudwala, mwina ngakhale kukonda munthu. Koma kulakwa pamaso pa anthu onse aja, n'kupsa mtima chonchija, simungakwanitse ngakhale atakulipirani."

Chilungamo anafuna kutsutsa, koma sanapeze mbali yoti atsutse.

"Ndinakhala kusiteji ya basi," anatero. "Ndikudziwa mitengo yonse ya fodya."

"Malume anga amalima chinangwa, fodya alibe naye ntchito. Koma mukawapeza Loweruka, ali ku Yofu. Mubwere ndi munthu wamkulu wokuyankhulirani, inu muzikangokhala chete."

Anayamba kuyenda, Chilungamo n'kumutsatira, kamtengo kali m'manja. Atadutsa miyala ya pokwera, anafunsa ngati malumewo ankaonera sewerolo, ndipo ankati wopha ndani.

"Dalaivala," anatero Enifa osatembenuka. "Musakayambitse."