Basi ya ku Bindura Yomwe Anaidikira

Basi itawatsitsa ku Inyanga, Asima anamangitsa mwana kumbuyo n'kuyamba kuyenda mwachangu ngati wodziwa njira. Amayi ake, a Mayimuna, ankatsatira. Anabwera kudzaona manda a amuna awo.

Koma Asima mandawo sankawadziwa. Bambo ake, Che Umali, omwe ankaphika pa hotela ina kumapiriko, anamwalira mu 1971 amayiwo ali kumudzi ku Malawi. Telegalamu inamupeza Asima ku Bindura tsiku lomwe anthu a pamgodi amalandira malipiro, ufa wa mandasi ogulitsa atakanda kale. Sanapite. Kenaka analembera amayi ake kalata yoti anapita ndipo mwambo unayenda bwino.

Tauniyo inali itasintha. Pomwe ankagula chimanga chootcha ali mwana panali masitolo a ziboliboli, azungu akujambulitsa atakwera mahatchi. Anazungulira kawiri.

"Iwe, njovu yamtengo iyi taidutsa kale," anatero amayi ake. "Kapena ukufuna kuigula?"

Asima anati misewu ndi yatsopano.

Kuseri kwa hotela, kupitirira makhitchini, anapeza komboni yakale ikadalipo: malata akuda ndi utsi, mitengo ya mapichesi, kamzikiti ka dothi. Mkulu wina wa kofia ankasema ndodo pakhonde. A Mayimuna anamuzindikira, anali Che Saleh, mnzawo wa malemu. Analonjerana nthawi yaitali, kufunsana za amoyo ndi akufa. Kenaka mkuluyo anayang'ana Asima.

"Ndiwe wa Umali iwe? Wakula. Ife timaika maliro tsiku lomwelo, ukudziwa. Koma bambo ako tinawasunga masiku awiri, kudikira basi ya ku Bindura. Shehe anatikalipira kwambiri."

Analankhula mopanda mkwiyo, akupitiriza kusema.

A Mayimuna sanacheuke. Anapempha Che Saleh kuti awatsogolere. Anakwera kaphiri ka mitengo ya paini, n'kuima pa mpanda pomwe akazi amalekezera. Mkuluyo analoza mulu wachitatu, wolambulidwa bwino, ndipo anafotokoza omwe anasambitsa ndi omwe ananyamula.

"Amayi, ndinanama," anatero Asima.

"Ndamva." Maso awo anali pa mulu uja. "Kalata yako ija inawerengedwa pamaso pa abale onse a bambo ako, alongo awo analira kuti mwana wawaimirira. Tikafika ku Bindura ukawalembere ina yonena zoona. Ndikaiponya ndekha."

Asima anavomera ndi mutu.