Bolodi Lonyowa

Malo a mphunzitsi wokhazikika anali amodzi, koma owafuna anali awiri: mtsikana wophunzitsa masamu ndi mayi wina amene anakalambira pa uphunzitsi waganyu pasukulupo. Oyesa anati aliyense aphunzitse kalasi imodzimodziyo iwo akuonerera.

Anayamba ndi mayiwo. Atamaliza anapukuta bolodi lonse ndi nsanza yodontha madzi, chonsecho chiyambireni ntchito sanapukutirepo mnzawo bolodi.

"Ndakukonzera, mwanawe," anatero akumwetulira.

Mtsikanayo atayesa kulemba, choko chinkangoterereka osaoneka kanthu. Ana anayamba kuseka, oyesa n'kumayang'ana pa wotchi. Mtsikanayo anapsa mtima. Anatembenukira mayiwo, amene anali atakhala kumbuyo atapinda manja.

"Zikomo amayi, luso lanu laoneka lero. Akandilemba ntchito, ndidzakupempherani malo opukuta mabolodi."