Mtsuko Umene Otilia Anaswa

"Amayi, madzi awa ndi omwe aja anatenga achimwene Elisha?"

Anafunsa choncho ndi Dorika, mwana wotsiriza wa Esinala, ataima m'mphepete mwa chitunda chimene mudzi wonse unathawirapo. Esinala anamukoka dzanja n'kumukhazika pansi, napitiriza kusenda nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, zimene anazula m'thawale m'mawa womwewo.

Funsolo silinali lachibwana kwenikweni. Namondwe amene anamiza sitima za pamtsinje ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, anakwera ndi mvula yake mpaka kwa Mlolo. Shire ndi Ruo anakumana m'minda. Nyumba za bango zinayandama ngati zisa za mbalame, nkhokwe zinapita mapira ali m'kati. Anthu anamanga misasa pachitunda, namadya nyika ndi tinsomba, madzi osafuna kuphwa.

Elisha, mwana wachisamba wa Esinala, ankasonkha moto m'sitima imodzi mwa zimene zinamira. Amene anamutengera ku ntchitoyo anali Kalisto, mnansi wawo, Msena amene anawoloka kuchokera kwa Apwitikizi zaka zingapo m'mbuyomo pamodzi ndi mkazi wake Otilia, napatsidwa pomanga kuseri kwa khola la Esinala. Kalisto anabwerako wamoyo. Anafika pachitunda pomwepo mwendo utathyoka, atagonekedwa m'mwadiya, bwato lamtengo la anthu a kugombe amene namondwe anawasiya opanda denga. Anthuwo anamutsitsa, napalasa kulowera ku Chiromo kukafuna ntchito ya njanji. Elisha sanabwere.

Za imfayo Esinala anamvera kwa amayi ochapa m'mphepete mwa madzi, ngati nkhani ya mbuzi yosochera. Anadikira kuti Kalisto abwere, akhale pansi pamaso pa abale, anene maliro monga amanenera amene anaona ndi maso. Popanda zimenezo sakanatha kulira poyera, ngakhale kumeta. Kalisto sanabwere, chonsecho misasa yawo inali yoyang'anizana. Ena ankati ndi mwendo, ena ankati ndi mantha, ena ankati alendo ndi otero. Esinala ankangoti akaona Otilia akudutsa, n'kulavulira kumbali.

Tsiku limene bwato lalikulu la thandizo linafika, dzuwa linali pamutu. Linali bwato lachitsulo lokankhidwa ndi mitengo yaitali, lodzaza matumba a chimanga ndi mapira amene amishoni anasonkhetsa kumtunda. Anthu anathamangira m'matope mpaka m'maondo. Woyang'anira katunduyo anali kapitawo wina dzina lake Goodwell, munthu wa jekete yoyera ndi mawu otsika, amene zimaoneka kuti anali atatopa ndi kutukwanidwa m'midzi imene anadzera.

Goodwell anaimirira pathumba n'kufotokoza lamulo limene anamutuma nalo. Chakudyacho chinali chochepa, ndipo anthu ambiri anali kuwoloka malire kuthawa madzi omwewo. Choncho anayenera kuyeza potsata mbumba: mwini mbumba aime, alongo ake ndi ana awo amuime kumbuyo, dengu liyezedwe molingana ndi pakamwa. Alendo opanda mbumba chakudya chawo chinali ku Port Herald.

Anthu anayamba kuitanana. Mbumba zinaunjikana, iyi apa, iyo apo, amuna okwatira m'mudzimo akudziphatika kumbuyo kwa akazi awo. Tomasi, mlongo wake wa Esinala, ndiye anali mwini mbumba yawo, ngakhale kuti pobadwa Esinala ndiye anali wamkulu. Anaima chodzitukumula ngati chimangacho analima ndi iye.

Pamene aliyense anapeza poima, pakati panatsala Otilia ndi ana ake atatu. Wamng'ono anali kumsana, mutu utapendekeka.

Otilia anapita kwa Goodwell nagwada. Analankhula Chimang'anja chake chopendekera ku Chisena, nanena kuti iwo sanadze ndi madzi a chaka chino, kuti wakumsanayo anabadwira pamudzi pomwepo, kuti mwamuna wake sangathe kuima, ndipo mwadiya wopitira ku Port Herald alibe. Goodwell anamva zonse. Kenaka anafunsa ngati panali mwini mbumba womuimira.

"Mlendo ndi mame," anatero Tomasi, osadikira kufunsidwa. "Koma awa dzuwa latuluka kangati, sakamuka ayi."

Ena anaseka. Mayi wina anati ku Port Herald si kutali kwa anthu odziwa kusambira, poti amuna awo ngakhale nyanja inawalephera. Kuseka kunakula, koma kunali kuseka kwa anthu anjala, kopanda mafuta.

Otilia anatembenukira kwa Esinala. Sanapemphe ndi pakamwa, anangoyang'ana. Goodwell anatsata maso ake nafunsa Esinala ngati mayiyu anali mnansi wake.

"Kuseri kwa khola langa kunali udzu," anayankha Esinala. "Mnansi sindikumudziwa."

Kuyeza kunayamba. Dengu linkalowa m'thumba n'kutuluka, thumba n'kufota, lina n'kumasulidwa. Otilia anakhala chigwadire, akuyang'ana matumba akuchepa. Atatsala ochepa, anaimirira, nakonza mwana kumsana, nalunjika kumsasa wa Esinala.

Pakhomo pa msasawo panali mtsuko waukulu. Unali chinthu chokhacho chimene Esinala anapulumutsa. Anausenza pamutu madzi ali m'chifuwa, poti anauumba ndi mayi ake asanamwalire. Pachitundapo unali wodikhitsira madzi amatope kuti ana amwe, ndipo mabanja angapo ankatungamo. Otilia anatola mwala wophikirapo, naukweza ndi manja awiri, nauponya pamimba pa mtsukowo.

Phokoso lake linamveka mpaka kubwato. Madzi anayenderera kulowa m'msasa. Otilia anakhala pansi pakati pa mapale, natambasula miyendo, nakokera ana ake awiri aja pambali pake.

Achinyamata anayesa misala. Koma akuluakulu anazindikira. Unali mwambo wa m'chigwa wa masiku a njala zakale, Azungu asanabwere. Munthu akasowa pogwira, ankapita pakhomo pa wopeza bwino n'kuswa dala chiwiya chake anthu akuona. Popeza analibe cholipira, ankakhala wa pakhomopo, iye ndi ana ake ndi ana a ana ake. Ankamudyetsa, ankamuwerenga m'mbumba, koma dzina lake linali kapolo, ndipo dzinalo silinkachoka ndi kusamba.

Esinala anafika. Anatola phale limodzi, nalitembenuza, naona pamene panali chala cha mayi ake m'dothi lowotcha. Anthu anaganiza kuti amuponya nalo kumaso.

"Mwana wanga munakamusiya m'nyanja," anatero. "Lero mwandiswera mtsuko. Tsono ndikuikire chakudya m'kamwa?"

"Ndimenyeni, mai," anayankha Otilia, maso ali pansi. "Wanu mumamumenya. Koma mumamudyetsa."

"Ungokhala wa ine iwe, nkhope yako ndiziiona m'mawa uliwonse?"

"Kwina kopita nkhabe, kulibe. Wakumsanayu bere langa walisiya dzana."

Tomasi anali atafika, ndipo nkhope yake inali itasintha. Anakokera mlongo wake pambali namunong'oneza, koma kunong'ona kwakeko kunamveka kwa onse. Anati madzi akaphwa asiya dothi latsopano m'madimba, ndipo mbumba yokhala ndi makasu ambiri ndiyo idzakolole. Mkaziyu ngwamphamvu, anawo akukula, mwendo wa mwamunayo udzapola. Anati mwayi sudza kawiri, ndipo amene anadzibweretsa okha palibe mlandu ndi boma.

"Posachedwapa anali mame," anatero Esinala. "Tsopano asanduka makasu?"

Goodwell nayenso anabwera, jekete itathimbirira matope. Atamufotokozera, anavula chipewa napukuta thukuta. Anati ukapolo unatha, ndipo iye monga Mkhristu sangauvomereze. Koma anatinso iye sanatumidwe kudzafunsa mmene munthu analowera m'mbumba. Mwini mtsuko anene yekha: ngati ndi ake, awayezera, ngati si ake, bwato likupita, poti midzi ina ikudikira kumtunda.

Panalibe amene anathandiza Esinala kuganiza. Amayi amene ankatunga m'mtsukowo ankatukwana Otilia, ena ankati aponyedwe m'madzi akalankhulane ndi ng'ona. Esinala anayang'ana mwana wakumsana uja. Maso ake anali otseguka pang'ono, ntchentche zikuyenda m'mbali mwa milomo, iye osazipirikitsa. Anayang'ananso kumsasa wa Kalisto. Chitseko cha bango chinali chotseka, ngakhale phokoso lonselo linali pakhomo pake.

"Ayezereni," anatero potsiriza. "Pakamwa pasanu. Ndi anga."

Sanatchule kuti ndi mbumba ya Tomasi, ndipo Tomasi anazimva. Goodwell anayeza mwamsanga, osayang'ana munthu. Chifukwa Otilia analibe dengu, anamuthirira m'nsalu yake. Iye anayamba kunena kuti takhuta, kuthokoza kwa kwawo, koma Esinala anali atafulatira kale.

Bwato litachoka, pachitunda panamveka mitondo iwiri yokha imene inapulumuka, anthu akulandizana. Dzina lija silinachedwe. Dzuwa lisanapendeke kwambiri, Esinala anamva ana a Tomasi akuitana mwana wamkulu wa Otilia kuti kapolo, bwera udzatole nkhuni. Mwanayo anapita, poti sankadziwa tanthauzo lake.

Esinala anasiya kupeta. Anayenda mpaka pamsasa wa Kalisto, kumene anali asanapondeko chibwerere munthuyo, naima patali pang'ono ndi khomo. Otilia anali kukoleza moto pansi pa phale lalikulu la mtsuko womwe uja, akukazingira ana chimanga. Ataona Esinala anafuna kugwada, koma Esinala anamuletsa ndi dzanja.

"Mwamuna wako alimo?"

"Alimo, mai."

"Makutu ake sanathyoke. Amve. Chifukwa chiyani sanabwere kudzandinenera maliro?"

Otilia anayang'ana kuchitseko, ndipo m'katimo simunatuluke mawu. Ndiye anayankha yekha, pang'onopang'ono. Anati kwawo maliro a munthu wofera kutali sanenedwa chimanjamanja. Wonenayo amabwera ndi kanthu ka malemuyo, kaya nsalu, kaya mpeni, kaya chingwe cha m'chiuno, kuti abale akhale ndi choika m'manda. Kalisto anatuluka m'madzi wopanda ngakhale chovala chake chomwe. Anapempha anthu a kugombe aja kuti akamva za katundu wotoledwa m'mphepete atumize mawu, ndipo chifikire wakhala akudikira. Kubwera wopanda kanthu, anati, kukanakhala ngati kunena kuti Elisha anali galu.

Chimanga chinali kuphulika m'phale.

"Kuno timanena ndi pakamwa," anatero Esinala. "Zaka zonsezi kuseri kwa khola langa, osafunsa?"

"Inu munali kulavula, mai. Tikanafunsa ndani?"

Esinala anati akanafuna, akanangotuma anyamata kukamunyamula Kalisto ngati thumba, popeza tsopano ndi munthu wake ndipo munthu wako umamuitana. Koma maliro a mwana wake sankafuna kuwamva kwa kapolo. Kapolo amanena zimene mbuye wake akufuna kumva. Iye ankafuna kumva zonse, mmene sitimayo inapendekera, pamene Elisha anali, ngati anaitana munthu, kwa mnansi amene anabwera ndi miyendo yake.

"Mwendo ndi umodzi," anatero mawu a Kalisto m'katimo, okhuthala ngati a munthu amene wakhala nthawi osalankhula. "Koma manja alipo."

Esinala sanatembenukire kuchitseko. Anapitiriza kulankhula ndi Otilia.

"Tamvera tsono. Usaganize kuti ndakukhululukira, mtsuko uja anaumba ndi mayi anga. Madzi akaphwa, dothi la kudambo likagwira, uumbe wina wofanana nawo kukula. Uuwotche wekha, uusenze wekha, ubwere nawo anthu akuona monga anaonera lero. Ndidzaulandira ndi manja awiri, ndipo nkhaniyi idzathera pomwepo. Kufikira tsikulo, wotchula ana ako dzina lija ayankha kwa ine, ngakhale akhale Tomasi. Khasu lanu silidzalowa m'dimba lake."

"Kuumba sindidziwa bwino, mai. Kwathu tinali a maukonde."

"Udzaphunzira. Ukasweka pamoto, udzaumba wina. Ine ndalonjeza zanga. Nena zako."

Otilia anaphula phale pamoto, nagawira ana, napukuta manja m'nsalu. Kenaka anaimirira, nayang'ana Esinala m'maso koyamba tsiku limenelo.

"Mtsuko ndidzaumba. Ndipo mawa bambo awa abwera pakhomo panu, chokwawa, wopanda womugwira. Itanani abale anu."

"Abwere dzuwa lisanatenthe," anatero Esinala. "Tsitsili landilemera."