A Wawa a ku Natenje

M'mudzi wa kwao kwa Felesiya, chakum'mwera kwa Nathenje, bambo ake ankatchedwa a Pulofesa. Musaganize kuti linali dzina laulemu. Iwo anali a Efulemu, mkamwini wochokera ku Diamphwe, ndipo sukulu analekezera sitandade folo. Anali munthu wofatsa mopitirira muyeso, woti ngakhale mwana akawapatsa madzi ankawomba m'manja n'kunena kuti, "Wawa." Upulofesawo unabwera chifukwa cha nkhani imodzi yokha imene ankaikamba kudimba, pamaliro ndi kuchigayo komwe.

Ankati chaka china, Felesiya asanabadwe, kunabwera mayi wachizungu wofufuza za ulimi. Mayiyo anakhala masiku atatu akuonerera mmene iwo ankasungira nyemba. Ankasinja masamba ouma a chitsamba cha ombwe, kusakaniza ndi phulusa la zitsononkho, kuthira mumtsuko wa nyemba n'kumata pakamwa pake ndi dothi, ndipo anankafumbwe sankalowamo mpaka dzinja lina. Mzunguyo akuti analemba zonse, anawajambula chithunzi, n'kulonjeza kuti zidzalowa m'buku.

"Ine ndili m'buku," ankatero a Efulemu.

"Tsamba lanji, a Pulofesa?" alamu awo ankafunsa, anthu n'kufa nalo phwete.

Akazi awo, a Edina, ankachitira umboni kuti mzunguyo anabweradi, koma bukulo panalibe analionapo. Komanso mudzi uti umene ungavomere kuti nzeru zapezeka kwa mkamwini?

Felesiya anakula akuchita manyazi ndi nkhaniyi. Anagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka zingapo, kenaka anapeza mwayi wokawonjezera maphunziro ku koleji ya pafupi ndi Mitundu. Mutu wa kafukufuku wake, mwina magazi ndiwo anamukoka, unali kasungidwe ka nyemba. Nthawi imeneyo n'kuti bambo ake atayamba kutupa mapazi ndi kupuma mobanika. Tsiku limene ankatsanzika, bambowo anamuitanira pakhonde.

"Mayi, akuti kumeneko mabuku onse a dziko lapansi ali m'makina?"

"Akutero, Ababa."

"Mukandiyang'anireko. Ndingofuna ndidzione kamodzi, basi."

Ku laibulale ya kolejiyo kunali bambo wina wachikulire, a Mayeso, amene ankaphunzitsa ophunzira atsopano kufufuza pa kompyuta. Anamupatsa Felesiya dzina lolowera ndi mawu achinsinsi, n'kumuonetsa kabokosi kolembamo zimene munthu akufuna. Anati kuseri kwa kabokosiko kuli zolemba za akatswiri zankhaninkhani, zatsopano ndi zakalekale zimene anachita kuzijambula tsamba ndi tsamba.

"Koma makinawa sadziwa munthu, amadziwa malembo," anatero a Mayeso. "Amene analemba akaphonya chilembo chimodzi, inunso muphonye chomwecho. Mukakayika, ikanipo kanyenyezi pamalo pa chilembocho. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Felesiya anagwedeza mutu, koma mawuwo anangolowera khutu lino n'kutulukira linalo. Ophunzira amatero, amaona ngati munthu wa ku laibulale ntchito yake ndi yopukuta fumbi.

Tsiku lomwelo analemba kuti Efulemu. Palibe chinabwera. Analemba kuti Nathenje, ndipo kunabwera za misewu, za zitsime ndi za fodya. Analemba dzina la ombwe limene akatswiri amagwiritsa ntchito, kunatuluka zolemba mazanamazana za ku Kenya ndi ku Tanzania, zina zotseguka, zina zofuna chilolezo. Anatsegula zingapo, maso n'kuyamba kuwawa, iye n'kutseka. Anayesanso kamodzi sabata yotsatira. Kenaka ntchito yake inamuchulukira, ndipo kunena zoona, mumtima mwake anali asanakhulupirirepo kuti bukulo lilipo.

Koma bambo ake sanaiwale. Akaimba foni kuti amve za mapazi aja, iwo ankayankha mwachidule n'kufunsa kuti, "Nanga zija, Mayi?" Iye ankati akuyang'anabe. Miyezi inayi inatha akuyang'anabe ndi pakamwa.

Loweruka lina anakwera njinga yamoto kuchoka pa Mitundu, kudutsa njira ya fumbi ya m'midzi mpaka kwao. Anafika atatopa, mutu ukuwawa, ndipo m'chikwama munali gawo la kafukufuku wake limene mphunzitsi analibweza litafiira ndi inki. Anapeza bambo ake ali pamphasa pansi pa mtengo wa mango, atatsamira pilo. Amalume ake awiri anali pomwepo, anabwera kudzazonda matenda. Asanamwe ngakhale madzi, funso lija linabwera.

"Nanga zija, Mayi?"

Amalume aja anayang'anizana, wina n'kubisa kamwa ndi chipewa. Felesiya anamva manyazi a ubwana wake onse akumukwera kumaso.

"Mulibemo, Ababa," anatero. "Makina aja amaona mabuku a dziko lonse. Mukanakhalamo ndikanakupezani kalekale. Mwina mayiyo anangofuna kukusangalatsani. Nkhani imeneyi tiyeni tiisiye."

Amalume anaseka, kuseka kwa anthu amene mlandu wawakomera patapita zaka makumi atatu. A Efulemu anayang'ana mwana wawo. Kenaka anawomba m'manja pang'onopang'ono.

"Wawa, Mayi."

Sanaikambenso nkhaniyo, kwa iye kapena kwa wina aliyense. Pa foni anayamba kuyankha za mapazi zokhazokha, ndipo Felesiya, wosauka, anamva ngati watula katundu. Patatha milungu itatu a Efulemu anamwalira.

Atabwerera ku koleji, Felesiya anamaliza kulemba kafukufuku wake ngati munthu wolima munda wa eni. Sabata yake yomaliza anapita ku laibulale kukabweza mabuku, popeza Lachisanu dzina lake lolowera linali loti litsekedwe. A Mayeso anamupepesa maliro. Pokambirana, Felesiya anangopezeka wawafotokozera za mzungu uja, za buku, ndi zoti anafufuza osapeza kanthu.

"Munalemba bwanji?" anafunsa a Mayeso.

"Efulemu. Nathenje."

"Mmene timalembera ife?"

"Nanga n'kulemba bwanji?"

"Amene analembayo sanali ife, mayi. Khutu la mlendo silimva mpweya umene timatulutsa tikamatchula 'the' wa m'dzina la Nathenje. Bwerani."

Anakhala pa kompyuta ya pafupi ndi zenera. Felesiya anakokera mpando pafupi. Analemba Nat, n'kuika kanyenyezi, n'kumaliza enje. Kachizindikiro kodikiritsa kanazungulira pa kompyutapo, netiweki ikukoka miyendo monga mwa masiku onse, kenaka mndandanda unabwera. Chachitatu kuchokera pamwamba chinali lipoti lakale lotayipa pa makina a mataipi, lojambulidwa mopendama, lonena za kasungidwe ka mbewu m'midzi ya ku Natenje. Chilembo chimodzi chokha ndicho chinasowa.

Anatsitsa masamba limodzilimodzi. Pa tsamba 41 panali chithunzi chakuda ndi choyera. Mnyamata wowonda, wa tsitsi lambiri, atanjuta pambali pa mtsuko, manja ali mbuu ndi phulusa, akumwetulira ngati amene wauzidwa kuti asaseke. Felesiya anali asanaonepo bambo ake ali achinyamata, chifukwa pakhomo pawo panalibe chithunzi chawo china kupatula cha pa chiphaso. Koma makutu aja, ndi mpata wa m'mano uja, ndi zomwe ankaziona pagalasi m'mawa uliwonse. Pansi pake panalembedwa m'Chingerezi kuti awa ndi Bambo Wawa a ku Natenje, amene anaphunzitsa wolembayo njira imeneyi. Masamba atatu athunthu ankafotokoza za iwo, muyeso wa phulusa, nthawi yothyola ombwe, zonse monga ankanenera.

Felesiya analira pomwepo, mokweza, m'nyumba imene anthu saloledwa ngakhale kutsokomola. A Mayeso sanamuletse. Anangopita kukasindikiza masamba anayiwo n'kuwaika m'envulopu. Zonsezi zinatenga mphindi zosakwana zisanu, ndipo ndicho chinamupweteka koposa. Mphindi zisanu anali nazo tsiku lililonse la miyezi inayi ija.

M'mawa mwake anali ku Nathenje. Anapeza mayi ake akusola mtedza pakhonde, mpango wakuda uli kumutu. A Edina anapukuta manja pachitenje, analandira pepalalo n'kulitalikitsa ndi maso. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Malaya awa ndinawagulira ndine," anatero. "Pamsika wa Lachiwiri. Apa alemba chiyani?"

"Alemba kuti Bambo Wawa."

A Edina anaseka pang'ono, misozi ili m'masaya.

"Ndinali poteropo ine. Mzunguyo Chichewa ankangotola apa ndi apo. Anawapatsa botolo la zakumwa uku akufunsa kuti dzina, dzina. Bambo ako, mmene unkawadziwira muja, anayamba awomba m'manja, wawa. Mzungu n'kulemba. Iwo anaona kuti n'kupanda ulemu kumukonza mlendo."

Felesiya anaimirira, envulopu ili m'manja. Anati akupita kwa amalume ake, akawaonetse tsambalo mmodzimmodzi, popeza ankafuna tsamba. Akaitanitsa mudzi wonse ngati n'kotheka.

"Khala pansi," anatero mayi ake. "Amalume akowo asiye. Kuseka kwawo bambo ako anakuzolowera ngati utsi wa kukhitchini. Tsiku lija si iwo amene anawatseka pakamwa."

Sananene mokalipa, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Felesiya anakhala pansi. Ankafuna kupepesa, koma pepani sapoletsa chilonda, ndiponso woti amupepeseyo anali kumanda.

A Edina analowa m'nyumba n'kutuluka atanyamula kamtsuko kakang'ono, pakamwa pake pomatidwa ndi dothi louma. Padothipo panali zidindo za zala.

"Anamata mawa lake la tsiku lija. Mpweya unkawavuta, koma anakana kuti ndiwathandize. Anati, poti m'buku mulibemo, mwanayu adzatsegule yekha akadzamaliza sukulu, adzaone kuti bambo ake sankanama."

Felesiya anauyang'ana mtsukowo. Sankafuna kuswa zala zija, koma mayi ake anamupatsa mpeni. Anagogoda m'mbali, dothi linasweka, ndipo kunatuluka fungo la phulusa ndi masamba ouma. Anapisa dzanja, natapa nyemba n'kuziuzira. Anazitembenuza imodziimodzi pachikhatho, akufunafuna kabowo ngakhale kamodzi. Zonse zinali zamphumphu.

"Ndaona, Ababa," anatero chapansipansi.

Anaika nyembazo pa tsamba 41, pambali pa chithunzi chija. Kenaka anagwada bwinobwino, anawomba m'manja pang'onopang'ono, n'kunena mawu amene kuyambira ali mwana ankachita nawo manyazi akamawamva pakamwa pa bambo ake.

"Wawa."