Elsie Anatchula Tsiku pa Siteji ya Nsungwi

Lolemba pa 23 Disembala 2024, Tiwonge Gondwe wa ku Nsungwi, ku Area 25, anagonekedwa m'chipatala atayamba kutaya magazi. Mimba yake inali ya miyezi isanu ndi itatu ndi theka. Atamujambula, dokotala anapeza kuti nsengwa inakhala m'munsi, kutsekereza njira ya mwana. Anamuuza kuti amuchita opaleshoni Lachisanu pa 27. Anamuuzanso kuti magazi ake ndi ochepa kale, ndipo amene chipatala chinasunga anali atatsala pang'ono, chifukwa ana asukulu, omwe amapereka ambiri, anali pa tchuthi. Achibale apeze anthu osachepera anayi odzapereka magazi Lachisanulo lisanafike.

Achibale a Tiwonge anali ku Rumphi. Mwamuna wake Godwin, woyendetsa thanki ya mafuta, anali atatsekeredwa ku Beira, kumene misewu inali yosadutsika chifukwa cha zipolowe. Omwe anamuperekeza kuchipatala anali amayi awiri, onse oyembekezera. Elsie, wa ku Ntcheu, mayi wa ana awiri, woyamba dzina lake Fiona, ankagulitsa tomato pamsika wa Nsungwi ndipo anali m'mwezi wake womaliza. Sungeni, mtsikana wa ku Dedza, inali mimba yake yoyamba. Atatuwa anadziwana pabenchi ya kusikelo mu Ogasiti, ndipo kuyambira pamenepo ankapita limodzi, kusungirana malo pamzere ndi kugawana chinangwa podikira namwino.

Dokotala atangochoka, awiriwo anafunsa njira ya kumene amatengera magazi. Mwamuna wovala yunifolomu yoyera amene anawalandira anawayang'ana kumaso, kenako pamimba.

"Wodwala ndi uti pa awirinu?"

"Palibe. Tabwera kudzapereka," anatero Elsie.

"Mayi, magazi muli nawowo muli kugawana kale ndi munthu. Woyembekezera sapereka. Pitani mukatume amuna anu."

Atabwerera kuwodi, Elsie anati nkhaniyo ndi yosavuta. Akauza amayi a kumpingo kwa Tiwonge, akauzanso aphunzitsi anzake a kusukulu imene ankaphunzitsa, anthu adzadzaza minibasi.

Tiwonge anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Amake Fiona, ayi. Musauze munthu."

"ANyaGondwe, mwamva zimene wanena dokotala?"

"Ndamva. Koma mu 2022 ndinauza anthu. Anzanga a kuntchito anandichitira kaphwando, ndinatchula mwezi, ndinatchula ndi tsiku. Sabata isanathe mwana anasiya kusewera m'mimba. Ndinamubereka atazizira kale." Anapuma pang'ono. "Ndimaphunzitsa sayansi, ndikudziwa kuti pakamwa sipapha mwana. Koma mtima wanga sudziwa zimenezo. Dzina langa ndi tsiku langa zisamveke kunja. Lonjezani."

Elsie sanatsutse, chifukwa mwambowo unali wakenso. Mayi ake anamuphunzitsa kuti mimba salengeza, tsiku satchula, ndipo wopita kukachira satsanzika, kuopa wa mtima woipa angamange njira. Pokabereka ana ake awiri aja anatuluka pakhomo ndi beseni pamutu ngati wopita kuchigayo. Analonjeza. Sungeni naye analonjeza.

Lachiwiri anabwera ndi amuna awo, atawauza kuti asanene kwa wina. Donald, mwamuna wa Elsie, mmisiri wowotcherera zitsulo, anapereka. Ralph, mwamuna wa Sungeni, anabwezedwa chifukwa anali atangomaliza kumene mankhwala a malungo. Panatsala anthu atatu, ndipo onse amene akanatha kuuzidwa popanda kuphwanya lonjezo anali atatha.

Pa Khirisimasi anamubweretsera Tiwonge mpunga ndi nkhuku. Anadya pang'ono chabe. M'mawa wa tsikulo anali atatayanso magazi, ndipo zikhatho zake zinali zoyera ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Sungeni anakhala kumiyendo kwa bedi n'kuyamba kudandaula za mapazi ake otupa, kuti mwina nayenso chinachake chalakwika.

"Bwera nawo kuno," anatero Tiwonge. Anadina chala pakakolo pa mtsikanayo n'kuyang'ana. "Mutu ukupweteka? Ukuona nyenyezi m'maso?"

"Ayi."

"Nkhope sinatupe. Koma usatuluke muno osayezetsa. Anamwino! Pepani, mungamuyezeko BP m'bale wangayu?"

Namwino anayeza, nati zili bwino. Elsie anaseka.

"Taonani wodwala akuchiza gadiyani."

"Ndikasiya kuganiza za iyeyu ndiyamba kuganiza za ine," anatero Tiwonge.

Potuluka, namwinoyo anamutsatira Elsie mpaka pakhonde. Anati opaleshoni ya mtundu umenewo imatha magazi kwambiri, ndipo ngati mayiyo atayenso Lachisanu lisanafike, sadzadikira. Anthu aja abwere mawa.

M'minibasi yobwerera ku Nsungwi Sungeni analankhula motsitsa mawu.

"Amake Fiona, tingouza abusa awo basi. Adzatikwiyira, koma adzakhala ali moyo."

"Akamva kuti dzina lawo latuluka, adzalowa m'chipinda chija atagonja kale. Unawaona maso."

"Ndiye titani?"

Elsie anangoyang'ana pamimba pake, pamene chitenje chinali kugwedezeka chokha.

Lachinayi pa 26 m'mawa, Elsie sanayale tomato. Anavala diresi la kusikelo, natenga kabuku kake ka chipatala m'manja kuti kazioneka, n'kupita pa siteji ya kabaza, pamene anyamata a njinga zamoto amadikira makasitomala pafupi ndi msika. Ambiri ankamudziwa, chifukwa ndi amene ankamunyamulira madengu. Tcheyamani wawo, Pemphani, anali kupukuta mpando wa njinga yake.

"Amake Fiona, lero tikupita kuti? Koma ndi mimba imeneyo mulipira mtengo wa anthu awiri."

"Sindikukwera. Itana anzako, ndili ndi mawu."

Anasonkhana, ena injini zili chilirire. Amayi ogulitsa masamba tsidya la msewu anasiya kuwaza madzi n'kutchera khutu. Elsie anadikira mpaka phokoso litachepa, ndipo analankhula mokweza kuti asabwereze.

"Mawa Lachisanu andichita opaleshoni. Mwana wakhala molakwika. Achipatala akuti popanda magazi sindituluka. Ndikufuna amuna atatu."

Mayi wina wa masamba anagwira pakamwa. Mu Nsungwi monse munalibe amene anamvapo mayi wapakati akutchula tsiku lake pamsewu.

"Mayi, zimenezo sanena pagulu," anatero Pemphani pang'onopang'ono.

"Ndanena kale. Tsopano yankhani."

Mnyamata wina wa jekete lofiira anakanda m'mutu. "Ife timamva kuti ukapereka magazi mphamvu zimatha. Kunyumba mukatiyankhira ndinu?"

"Mphamvu zake ziti?" anatero Elsie. "Mkazi wako amagula tomato kwa ine, timacheza. Palibe chimene utaye."

Anzake anaseka mpaka wina anagwetsa chipewa. Wa jekete lofiira anati basi, apita, aone ngati ali wofooka. Wina anafunsa ngati magaziwo sagulitsidwa kwa anthu a zamdima.

"Abambo a Fiona apereka dzana. Muwapeza pashedi pawo akudula zitsulo. Kawafunseni ngati anamera mchira."

Pemphani anaika nsanza m'thumba n'kuyamba kuloza. Amene anamwa mowa dzulo atsale. Ambiri anayang'ana pansi. Linali tsiku lotsatira Khirisimasi. Pamapeto pake ananyamuka asanu ndi awiri, Elsie ali m'minibasi, iwo akumutsatira pambuyo ngati operekeza mkwatibwi.

Kuchipatala Elsie analowa yekha poyamba, nanong'oneza wa yunifolomu yoyera uja kuti anthuwa alembedwe pa dzina la Tiwonge Gondwe, koma dzinalo asalitchule. Mwamunayo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anaitana woyamba. Awiri anabwezedwa, mmodzi chifukwa cha fungo la dzulo, wina chifukwa cha kuchepa thupi. Wina anaona singano n'kukumbukira kuti wasiya njinga yosakhoma. Anayi anapereka, Pemphani ndi wa jekete lofiira ali m'gulumo.

Kuwodi Elsie anangoti magazi apezeka.

"Kwa ndani?" anafunsa Tiwonge.

"Anzawo a abambo a Fiona. Dzina lanu silinatuluke, olo kamodzi."

Tiwonge anatseka maso. Sungeni, amene anali atamva kale nkhani yonse kwa mayi wa masamba, anatuluka n'kukaima pakhonde.

Pofika madzulo nkhaniyo inali itadutsa msika, itakwera minibasi, itafika ku Chilinde kwa apongozi ake a Elsie. Elsie anapeza apongozi ake atakhala pakhonde la nyumba yake, nsapato zili kumapazi, chikwama chili pamiyendo.

"Ndimve kwa wogulitsa makala kuti mpongozi wanga akung'ambidwa mawa?"

"Pepani, amayi."

"Kupepesa n'kwachabe. Mwatchula tsiku pamsewu, pamaso pa aliyense, wabwino ndi woipa yemwe. Kwanu ku Ntcheu anakulangani chiyani? Mwanayo ndi wanu nokha?"

Donald anatsegula pakamwa kuti afotokoze. Elsie anamuyang'ana, ndipo anatseka. Kunena kuti opaleshoniyo si yake kukanabweretsa funso lakuti nanga ndi ya yani, ndipo apongoziwo ankamudziwa Tiwonge. Elsie anagwada pansi movutikira, dzanja limodzi litagwira chitseko, namva mawu onse mpaka anatha. Apongozi anapemphera pemphero lalitali, namasula chikwama, nanena kuti agona pomwepo kuti asamale ana.

Kuchipinda Donald analankhula monong'ona.

"Bwanji osandiuza?"

"Mukanandiletsa."

"Ndikanakuletsa, inde. Sukuopa?"

"Ndikuopa kwambiri," anatero Elsie. "Chiyambire m'mawa ndikungomvetsera ngati akusewera. Koma ine ndili ndi awiri akugona apo. Iwo aja alibe ngakhale mmodzi."

Anatenga dzanja la mwamuna wake n'kuliika pamimba. Anadikira. Mwana anagunda, ndipo onse awiri anatulutsa mpweya.

Lachisanu pa 27 Elsie anatuluka ndi beseni ndi zitenje, anthu akuona. Amayi oyandikana nawo anaima m'makomo. Mmodzi anathamanga n'kumupatsa botolo la thobwa. Pa siteji anyamata anazimitsa injini pamene ankadutsa.

Tiwonge analowa m'chipinda cha opaleshoni cha m'ma 10 koloko. Asanamulowetse, anauza Sungeni kuti asaiwale sikelo yake ya Lachiwiri, nauza Elsie kuti akhale pansi, miyendo yatupa. Awiriwo anakhala pabenchi ya pakhonde. Patapita ola limodzi namwino anatuluka ndi mwana wamkazi wokulungidwa m'chitenje cha Tiwonge, wamng'ono koma wolira mokwiya, n'kupita naye kuchipinda cha ana. Anati mayi akadali mkati.

Masana anadutsa. Kawiri konse anaona wantchito akuthamanga ndi kabokosi kozizira kulowa m'chipindamo. Sungeni anayamba kulira. Elsie anamupatsa thobwa lija, namuuza kuti amwe, wa m'mimbayo sadziwa kuti kunja kuli nkhani.

Dokotala anatuluka dzuwa litapendeka. Anati nsengwa inakanirira, magazi anatayika ambiri, ndipo anachita kuchotsa chiberekero kuti aleke. Amuika mapaketi anayi. Akanakhala kuti magaziwo panalibe, sakanatuluka naye m'chipindamo. Tsopano ali kuchipinda cha odwala kwambiri, ndipo sangalonjeze kanthu mpaka atadzuka.

Elsie sanabwerere ku Nsungwi. Sakanatha kudutsa pa siteji akadali ndi mimba, pamene anthu onse ankaganiza kuti wachira kale. Anagona kumalo a magadiyani, pamphasa ya mayi wina wa ku Mgona amene anamusunthira. Sungeni anapita kunyumba n'kubwerera m'mawa ndi phala, uthenga wa Godwin uli pafoni: msewu watseguka pang'ono, wanyamuka.

Loweruka m'mawa foni ya Elsie inalira. Anali Pemphani, kumbuyo kwake kukumveka injini ndi mawu a anthu ambiri.

"Amake Fiona! Anyamata akufunsa. Zayenda bwanji?"

"Mwana wabadwa. Wamkazi."

Anamva Pemphani akubwereza mawuwo mokuwa, kenako mahutala a njinga akulira onse pamodzi. Wina anakuwa kuti mwanayo ali ndi magazi ake, amutche dzina la mayi ake a iyeyo.

"Nanga inuyo, mayi? Mwadzuka bwanji?"

Elsie anayang'ana chitseko cha chipinda cha odwala kwambiri.

"Magazi anu agwira ntchito," anatero. "Muwathokoze onse. Zina ndidzakuuzani ndikabwera."

Anadula foni. Sungeni anamuthandiza kudzuka, ndipo anapita kuchipinda cha ana, kumene namwino anawalola kuona mwanayo pawindo akumwetsedwa mkaka ndi kakapu. Pakhadi la pabedi lake panalembedwa dzina la mayi ndi kulemera kwake, makilogalamu awiri ndi magalamu mazana atatu. Malo a dzina la mwana anali opanda kanthu.

Pofika masana a Loweruka pa 28 Disembala, Godwin anali atadutsa Tete. Tiwonge anali asanatsegule maso.