Uthenga wa Masekondi 47

Hawkins anamuona komaliza Tiyanjane pa siteji ya minibasi ku Chilobwe, m'mawa wa Loweruka lina mu Januwale. Mlongo wakeyo anali atasenza sutikesi kuchokera kunyumba kwawo, kumtunda kwenikweni m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo njira yonse anakana kulandiridwa.

"Manja a ku France sanyamula katundu," anatero Tiyanjane.

"Si ku France, Tiya. Ndi ku Réunion, kachilumba ka pakati pa nyanja."

"Amayankhula Chifalansa?"

"Eya."

"Basi ndi ku France. Ndauza kale anthu onse ku saluni, musandichititse manyazi achimwene."

Kondakitala anakankhira sutikesi pansi pa mpando wakumbuyo. Tiyanjane anagogoda pawindo n'kunena kuti akamugulire pafyumu weniweni, osati wa mu Limbe wongolembedwa Paris. Minibasi itanyamuka, Hawkins anacheuka. Anamuona akukwera chitunda, akusisita khosi, nkhata ili m'manja.

Hawkins anali m'chaka chachitatu ku yunivesite, akuphunzira Chifalansa, ndipo m'kalasi monse anasankhidwa yekha kuti akakhale semesita imodzi pakati pa eni chiyankhulo. Tsiku loyamba pasukulu ya pachilumbapo anawasainitsa pepala: miyezi inayi popanda chiyankhulo china, pakamwa ngakhale m'khutu. Wogwidwa ankamangidwa kachingwe kofiira pamkono mpaka naye atagwira mnzake. Anzake ochokera ku Kenya ndi ku Germany ankangoseka. Ankabisala kubafa n'kumaimbira kwawo, ndipo kachingweko kankayenda pakati pawo ngati chimfine.

Hawkins sankaseka nazo. Ali Sitandade 6 anavalapo chikatoni pakhosi tsiku lonse chifukwa chopempha rabala m'Chichewa, ndipo manyazi ake anali asanamuchoke. Anatsimikiza mumtima kuti kachingwe sikadzakhudza mkono wake. Aphunzitsi anayamba kumuloza ngati chitsanzo, kuti onani Mmalawi uyu, ndipo mawu amenewo ankamukoma kuposa chakudya. Pepala lija linkalola kuimba kunyumba pakagwa vuto. Koma munthu ungadziwe bwanji kuti kwagwa vuto usanamve?

Tiyanjane ankatumiza mawu pa WhatsApp pafupifupi tsiku lililonse. Oyambirira Hawkins anawamvera mobisa: nkhani za kusaluni, kasitomala amene anathawa tsitsi litalukidwa mbali imodzi, nkhuku ya Amayi imene inaikira mazira m'nsapato zake. Kenako anasiya. Anadziuza kuti adzamvera onse m'ndege pobwerera, azidzaseka yekha. Uthenga uliwonse ankangouyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu choloza m'mwamba, mpaka Tiyanjane anamupatsa dzina loti Bambo Chala.

Mu Febuluwale namondwe Freddy anadutsa chakumpoto kwa chilumbacho. Anatseka mawindo ndi matabwa, anadzaza madzi m'mabotolo, nyanja inabangula, mawa lake dzuwa linawala. Amayi anali atamva pa wailesi, ndiye Hawkins anaphwanyanso lamulo, nalemba mzere umodzi m'Chichewa: "Musadandaule, ndi mphepo chabe, yadutsa."

Lamulungu lina mu Malichi kalasi yonse inakwera kumapiri kukadyera kumeneko. Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Tiyanjane, masekondi 47. Tsiku limenelo kachingwe kanali pamkono wa mnyamata wa ku Kenya amene anakhala naye pafupi, maso ali tcheru kusaka womusiyira. Hawkins anadina chala, n'kubwezera foni m'thumba, n'kupitiriza kudya.

Lolemba masana anapeza kuti azakhali ake a Mildred a ku Chinyonga amuimbira kakhumi ndi kamodzi. Phiri linali litatsika kusanache, matope, mitengo ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Amayi anawasolola mwendo utathyoka. Tiyanjane anapezeka Lachitatu, kutali ndi pamene panali nyumba. Pamene Hawkins ankatera ku Chileka mlongo wake anali ataikidwa kale, ndipo m'sutikesi munali botolo la pafyumu limene anagula sabata yoyamba.

Ku yunivesite sanabwererenso. Anakhala ku Chinyonga kwa azakhali pamodzi ndi Amayi, napeza ganyu pa kashopu kena mu Limbe, kutayipira anthu makalata ofunsira ntchito. Wina akamufunsa kuti tayankhulako Chifalansa timve, ankati anaiwala.

Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali ulemu wa Amayi. Sanamukalipirepo. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba inali yake. Alendo akabwera, Amayi ankadumphira pa ndodo yawo n'kumati, "Uyu ndi mwana wanga wa ku France uja." Za usiku umenewo sankazitchula.

Chaka chitatha, kalata inabwera kuchokera ku yunivesite. Inati malo ake anasungidwa, koma akapanda kukalembetsa mwezi umenewo, dzina lake lichotsedwa. Hawkins anaipinda n'kuibisa m'Baibulo la azakhali, kuiwala kuti Amayi ndiwo ankaliwerenga kwambiri.

Amayi anamudikirira pakhonde Loweruka masana. Kunkawaza mvula, ndipo anali ndi lichero la nyemba pamiyendo, akusankha.

"Takhala apa, bambo," anatero.

Hawkins anakhala pa sitepe, chakumapazi kwawo.

"A Mildred andiwerengera kalata ya Chingerezi ija. Lolemba upite."

"Sindingathe, Amayi."

"Ndikudziwa chimene chikukudya." Anataya kamwala panja. "Ukuganiza kuti sindikudziwa za chala chija? Tiya anandionetsa. Anati, onani, achimwene avomereza kuti tikhale. Ine ndinasangalala, poti ndi zimene ndinkafuna. Ndinkaopa akuba, kuti tikachoka azula malata, atenga mabuku ako."

Hawkins anayang'ana nyerere zimene zinkathawa madzi m'mphepete mwa sitepe.

"Iwe unali kutali," Amayi anapitiriza. "Unamva, unaganiza monga munthu wophunzira, unalakwitsa. Kwanuko inadutsa ndi mphepo chabe, ukanadziwa bwanji? Ngakhale dokotala amalakwitsa jakisoni. Ine ndinakukhululukira ndili m'chipatala momwe. Dzikhululukire, ubwerere kusukulu."

Chitseko chinali chitatsegulidwa, chongofunika kulowa. Akanangoti zikomo Amayi, Lolemba akanakwera basi, ndipo mpaka kufa kwawo akanakhala mwana wophunzira amene analakwitsa kamodzi. Foni ya Tiyanjane inali pansi pa matope. Panalibe wina padziko wodziwa. Koma chikhululuko chimene ankamupatsacho chinali cha munthu wina, munthu amene anaika foni kukhutu.

"Amayi, sindinamvere."

"Wati chiyani?"

"Uthengawo sindinaumvere. Ndinangodina chala. Onse ndinkangodina."

Manja a Amayi anaima m'lichero. "Netiweki inavuta?"

"Ayi. Inalipo."

Anawafotokozera za pepala, za kachingwe, za aphunzitsi omuyamikira, za mnyamata wa ku Kenya amene anakhala naye pafupi. Pozinena m'Chichewa, pakhonde la azakhali, zinamveka zopanda pake kuposa mmene ankazimvera m'mutu mwake chaka chonse.

"Uthengawo ulipo?" Amayi anafunsa.

Hawkins anatulutsa foni, nafufuza dzina la Tiyanjane, n'kuiika m'manja mwawo. Anadina yekha. Poyamba kunamveka mvula pamalata, yamphamvu, kenako mawu.

"Achimwene, Bambo Chala, tamverani kaye. Mvula siikusiya chiyambire dzulo. Phiri likulira, ngati malole akutsitsa miyala. A Chrispin apafupiwa atsika kale ndi ana, ndipo azakhali akuti tibwere ku Chinyonga. Amayi akukana. Akuti amvera inu poti munamuona kale Freddy ameneyu. Ndiye tanenani, tikhale monga akunenera Amayi? Ine ndiye ndikuopa, ndisaname. Ngati n'kotheka imbani. Komanso pafyumu musaiwale."

Chakumbuyo kunamveka mawu a Amayi eni ake, akufunsa ngati wavundikira makala. Kenako zii.

Azakhali a Mildred anasuzumira pakhomo, anaona nkhope zawo, n'kubwerera m'nyumba.

"Bwereza," anatero Amayi.

Anabwereza. Ulendo wachiwiri Amayi anakanikiza foni pakhutu ndi manja awiri, maso ali chotseka.

"Kwa ine sananene kuti akuopa," anatero uthenga utatha. "Ankangoseka."

Mvula inawonjezera, madontho n'kumagwera m'nyemba, koma palibe anasuntha lichero.

"Kachingweko kanali kotalika bwanji?" Amayi anafunsa.

Hawkins anatambasula chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kuwonjezera pang'ono. Amayi anayang'ana mpata wa pakati pa zalazo. Anauyang'ana mpaka Hawkins anatsitsa dzanja.

"Ukanamva, ukanati chiyani?"

"Ndikanati tsikani. Kuja anatiphunzitsa kuti phiri likayamba kulira, sudikira."

Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Foni sanamubwezere. Anaikulunga pakona ya chitenje, n'kumanga mfundo iwiri monga ankamangira makiyi a nyumba ija. Kalata ya ku yunivesite anaitulutsa pansi pa lichero n'kuiika pa sitepe, pakati pa awiriwo, osamupatsa m'manja. Anatenga ndodo, naimirira movutikira. Hawkins anatambasula mkono kuti awagwirire, koma iwo anagwira chipilala.

Ali pakhomo anaima, osacheuka.

"Ndiye unadzaumvera liti?"

"Lachiwiri, pa 14 Malichi 2023."