Dzina Linawoloka, Manda Anatsala

Chifikireni kwa Mlongoti, Edinesi anali asanagone tulo teniteni. Akati atseke maso, mtima unkangogunda ngati wa munthu amene wasiya nyumba yosatseka. Chifukwa chake sankachidziwa, pakuti zonse zinali m'malo mwake. Simenti inali itafika, mchenga utatutidwa, ndipo mwala wolembedwa dzina la agogo ake, aNachisale, unali utatsamira khoma la nyumba imene anafikirako.

Agogowo sanawaonepo. Anamwalira pamene mayi ake a Edinesi, a Felesiya, anali akadali kamtsikana. Achibale anamutenga mwanayo kupita naye ku Limbe, komwe anakulira, kukwatiwa mpaka kukalamba osapondanso kumudzi. Chaka chatha, ali pafupi kutsirizika, a Felesiya anamugwira Edinesi dzanja.

"Mukawamangire chiliza amayi anga. Ali kwa Mlongoti, ku Mchinji. Kumutu kwawo tinaikako mphero yawo."

Edinesi ndi munthu woti akagwira chinthu safuna kuuzidwa kawiri, ndipo nthawi zina safuna kuuzidwa n'komwe. Anapita ku ofesi ya mapu n'kugula mapu akale a deralo, ojambulidwa nthawi ya atsamunda. Ataona timizere tothithikana ndi tizilembo tofufutika, anawapinda n'kuwakankhira pansi pa chikwama. Foni inali yosavuta. Analemba dzina la mudzi pamapu a m'fonimo, kadontho kofiira kanaima, iye ndi mlongo wake Lameki n'kukalondola mpaka kufika. Anatsika galimoto monyada ngati kuti mudziwo waubala yekha.

Eni mudzi anawalandira bwino. A Yotamu, mmodzi wa adzukulu okumba manda pamudzipo, ndiwo anawaperekeza kumanda. Za aNachisale anali asanamvepo, koma mlendo wochokera kutali sabwezedwa chimanjamanja. Anakanda kumutu, kenako analoza mtumbira wina wophwatalala kumapeto.

"Akale kwambiri ndi awa. Ayenera kukhala omwewa."

"Nanga mphero ili kuti?" anafunsa Edinesi.

"Miyala imamira, mayi."

Iye anavomera msanga, chifukwa yankho limenelo ndi limene ankalifuna.

Tsiku lomanga linali lotentha, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Lameki anatsogola ndi amisiri kukakumba maziko. Edinesi mutu unkamuwawa, choncho anayala mphasa pakhonde kuti apume pang'ono. Nyenje zinkalira m'mitengo mogonthetsa m'khutu.

Mwadzidzidzi zinaleka, zonse pamodzi.

Anapezeka ataima kumanda kuja yekhayekha. Kunali kowala ngati masana, koma mitengo inalibe mithunzi. Mwala uja unali utagonekedwa kale pamtumbira. Ndiye anamva kupuma. Kunali kupuma kwa munthu wamwamuna, kolemera, kobanika, kuchokera pansi pa mwalawo. Mwala unkakwera pang'ono n'kutsika, dothi la m'mbali likung'ambika.

"Ndani wandisenzetsa katundu wa eni?" anatero mawu a pansipo.

Edinesi sanadikire kumvanso china. Anathawa, miyendo ikulemera, udzu ukumukola, mpaka anamva madzi ozizira m'maondo. Anali pakati pa mtsinje. Kutsidya kunali phiri la mitu iwiri, ndipo patsinde pake panakhala mayi wina atavala nsalu yakuda ya biriwita, akupera pamphero. Mwala unkayenda pamwala koma osamveka phokoso. Chimene chinamufika Edinesi ndi fungo la mafuta a nsatsi losakanikirana ndi fodya wa pamphuno. Mayiyo atadzutsa mutu, Edinesi anaona mphini m'masaya, ndi maso onga a malemu mayi ake, a Felesiya.

"Iwe mwana wa Felesiya."

Mawuwo anali otsika, koma anamulowa mpaka m'mafupa.

"Wayenda ulendo wonsewu kudzalemetsa mwana wa eni? Dzina la mudzi linawoloka ndi amoyo. Ine ndinatsala."

Mayiyo anapitiriza osamuchotsa maso.

"Mwalawo ukakhala pamenepo, ine palibe adzandifunenso. Ndipo wagona pansiyo sadzakusiya." Mayiyo analoza kumbuyo kwake ndi chibwano. "Yang'ana phiri. Phiri silisamuka."

Anaweramanso n'kupitiriza kupera. Kumbuyo kwa Edinesi kupuma kuja kunayamba kuyandikira, kutsika kugombe, kulowa m'madzi, mpaka anakumva kukutentha pakhosi.

Anadzidzimuka thupi lonse lili thukuta, nsalu itamatirira kumsana. Nyenje zinkalira monga kale. Chapatali ankamva fosholo ikukanda pansi, ndipo anadziwa kuti amisiri ayamba kusakaniza simenti. Mantha amene anamugwira apa anaposa a m'maloto. Anakhuthula chikwama chonse pamphasa, n'kutola mapu aja ndi foni, n'kuthamanga wopanda nsapato.

"Imani! Musaike kanthu pamenepo."

Amisiri anaima mafosholo ali m'manja. Lameki anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achemwali, mwatani? Simenti tasakaniza kale, ikauma ndiye yatha ntchito."

"Iume. Bwerani muone."

Anatambasula mapuwo pansi, kunja kwa manda, n'kuwapsinja ndi zibuma m'makona. Anayendetsa chala pamizere. Anapeza kamzere kokhotakhota ka mtsinje. Anapeza timizere tozungulira tosonyeza phiri, tokwera pawiri ngati mitu iwiri. Patsinde pa phirilo, kumadzulo kwa mtsinje, panali dzina la Mlongoti m'tizilembo tofufutika tija. Kenako anatsegula foni. Kadontho kofiira kanali kum'mawa kwa mtsinje, pomwe iwo anaima. Pamapu akale malo amenewo anali tchire lokhalokha.

Lameki anakhala chonyonyomala pambali pa mapuwo. A Yotamu anasuzumira, n'kutembenuka kuyang'ana phiri lenilenilo, limene linkaoneka bwinobwino kuseri kwa mitengo.

"Ndili mwana ndinamvapo kuti makolo athu anachokera kutsidyako, esiteti ya fodya itatenga malo," anatero mwamanyazi. "Anasamuka ndi dzina lomwe. Ife tinabadwira kuno, kumeneko sitipitako."

"Nanga wagona apayu ndani?" anafunsa Lameki motsitsa mawu.

"Sindikudziwa, bambo. Ndinangofuna kuti musabwerere osathandizidwa."

Edinesi sanawakalipire. Akanawakalipira bwanji, mapu anali m'chikwama mwake masiku onsewa? Analowa kumanda, n'kugwada pambali pa mtumbira uja. Ndi manja ake anabwezeretsa dothi limene amisiri anakumba, n'kulisalaza.

"Inu amene mwagona pano, sitikudziwani. Tinalakwitsa. Pumani."

Anadikira pang'ono, khutu lili tcheru, mtima uli m'mwamba. Pansipo panali zii.

M'mawa mwake, atapempha chilolezo kwa eni mudzi ndi kwa oyang'anira esiteti, anawoloka mtsinje atatu onse. Madzi anafika m'maondo, ozizira chimodzimodzi, ndipo Edinesi sanayerekeze kucheuka. Kutsidyako mizere ya munda inafika mpaka patsinde pa phiri. Za mudzi panalibe ngakhale chibuma. Koma pakati pa mundawo panali kankhalango kowirira ka mitengo yachilengedwe. Mathirakitala anagwetsa nyumba ndi nkhokwe, koma manda anawalambalala.

A Yotamu anatsogola, akuomba m'manja pang'onopang'ono kupempha njira. Mkatimo munali mthunzi ndi fungo la masamba owola. Mitumbira inali itaphwa, ina yongodziwika ndi zigamphu za miphika. Anafunafuna mpaka dzuwa kufika paliwombo. Lameki anali atayamba kupukusa mutu pamene chala cha phazi la Edinesi chinagunda chinthu cholimba. Anagwada n'kupalasa masamba. Unali mwala wosalala, wokumbika pakati ngati chikhato, theka lake litamira m'dothi.

Anasisita pokumbikapo, pamene manja a agogo ake anadyapo mwala zaka zambiri. Misozi inabwera yokha, ndipo mantha aja anamuchokera ngati mtolo wotulidwa pamutu.

"Agogo, ndine mwana wa Felesiya. Ndinatsata dzina, ndikanakusiyani kuno mpaka kale. Ndafika."

Lameki anavula chipewa. Kenako anatsokomola.

"Ndikawauze amisiri awolotse mwala uja?"

"Kawauzeni, achimwene. Koma mpheroyi asaisunthe. Amange moizungulira."

Tsiku limenelo Edinesi anagona kusanade bwino, mapu akale aja atawatsamira kumutu. Anadzuka m'mawa kuwala kwa dzuwa kutalowa kale m'nyumba, ndipo palibe amene anamuitana.